Mikanda ya m'Bokosi ndi Miyala ya Phada

Makolo a ku America amene amaphunzitsa ana awo pakhomo m'malo mowatumiza kusukulu amalangizidwa kawirikawiri kuti asanagule buku la masamu ayambe adziwa ngati mwana wawo amaphunzira bwino poona, pomva kapena pogwira zinthu, ndipo uphunguwu ukafika kwa makolo a ku Malawi umabwera ndi ganizo lonyoza lakuti khomo lopanda zipangizo zogula lilibe masamu. Njira zimene makolo a ku America amasankhapo n'zodziwika. Ya Saxon imapereka mfundo pang'onopang'ono n'kumabwereza zakale tsiku ndi tsiku, ya Maria Montessori, imene inayamba ku Rome mu 1907, imadalira mikanda yolumikizidwa m'makumi ndi m'mazana, pamene ya ku Singapore imatsata maganizo a Jerome Bruner akuti mwana ayambe ndi chinthu chogwirika, apite pa chithunzi, kenako afike pa nambala yolembedwa. Komabe mu 2008 Harold Pashler ndi anzake, ataunika kafukufuku amene analipo, sanapeze umboni wokwanira wakuti kugawa ana m'magulu a ophunzira poona, pomva kapena pogwira zinthu kumawonjezera zimene amaphunzira.

Khomo la Chimalawi silimugawa mwana. Mtsikana wosewera phada amaponya mwala m'mwamba, n'kukoka ina pansi asanauwakhe, kenako amaibweza kusiyako umodzi, pambuyo pake iwiri, pambuyo pake itatu, ndipo kumeneko ndi kuchotsera kochitika ndi diso, dzanja ndi pakamwa nthawi imodzi, anzake akumuwerengera mokweza kuti asabere. Bawo, lomwe lili ndi maenje 32 m'mizere inayi, limafuna zoposa pamenepo, chifukwa wosewera amayenera kudziwa pamene njere yake yomaliza ikagwere asananyamule n'komwe, ndipo mnyamata amene wakhala m'mbali mwa agogo ake kuonerera amayamba kuwerengera mumtima palibe womuuza. Ngakhale mwana wotumwa kumsika amaphunzira kuchulukitsa, pakuti tomato amagulitsidwa pamulu, ndipo milu itatu ya mtengo umodzi imafuna kuti chenji chibwerere kwa mayi chokwanira. Aphunzitsi a Sitandade 1 anazindikira zimenezi kalekale pouza ana kuti abwere ndi zitsekerero za mabotolo ndi timitengo tomanga m'mitolo ya khumikhumi, zimene zimagwira ntchito yomweyo ya mikanda yodula ya Montessori ija.

Chimene masewerawa sapereka ndi dongosolo, ndiko kuti kutsatana kwa mfundo, komanso sitepe yochoka pa mwala kufika pa cholembera, pakuti katswiri wa phada akhoza kulephera kulemba 13 kuchotsa 5. Choncho kholo lofuna buku liyenera kuyang'ana ngati mfundo zake zikutsatana bwino ndiponso ngati zitsanzo zake zingasinthidwe mosavuta kukhala makwacha, nyemba ndi milu ya pamsika, ndipo pa zimenezi njira ya ku Singapore ndi imene imalowa bwino pakhomo pamene mwana wagwira kale miyala.