Mapiritsi a Esitirojeni Sabwerekana

Mayi moto ukamuzimira amakapala kwa mnzake, ndipo palibe cholakwika. Koma alongo ena m'Chisilamu afika popalirananso mapiritsi olera. Ambiri mwa mapiritsi amenewa muli esitirojeni, ndipo ameneyu si mankhwala wamba.

Esitirojeni ndi timadzi timene Allah adaika m'thupi la mkazi kuti tiziyendetsa msambo ndi kubereka. Akatswiri amapanganso wina wofanana naye. Iyeyu amaikidwa m'mapiritsi olera ndi m'mankhwala a amayi amene asiya kusamba. Ena mwa mankhwalawa, monga Premarin, amachokera mu mkodzo wa akavalo apakati.

Kuopsa kwake kudadziwika pang'onopang'ono. M'chaka cha 1975 madokotala a ku America adapeza kuti amayi osiya kusamba omwe ankamwa esitirojeni yekhayekha ankadwala kwambiri khansa ya m'chiberekero. Mu 2002 kafukufuku wina wa komweko, wa amayi oposa 16,000, adaimitsidwa nthawi isanakwane. Amene ankamwa esitirojeni pamodzi ndi projesitini adapezeka kuti akugwidwa mochulukirapo ndi khansa ya m'mawere, sitiroko ndi kuundana kwa magazi m'mitsempha. Chaka chomwecho boma la dzikolo lidaika esitirojeni pamndandanda wa mankhwala oyambitsa khansa.

Ngakhale nsomba sizipulumuka. Kuyambira mu 2001 akatswiri a ku Canada adathira esitirojeni pang'ono chabe m'nyanja ina yaing'ono. Nsomba zazimuna za mtundu wina zidayamba kuonetsa zachikazi, ndipo mtunduwo udatsala pang'ono kutheratu m'nyanjamo. Ife odalira nyanja tisamataye mapiritsi otsala m'madzi.

Sitikunena kuti mankhwalawa ngoipa kwa aliyense. Mapiritsi olera amachepetsanso khansa ya m'chiberekero, ndipo amayi ambiri amawamwa popanda vuto. Koma sayenera mayi wosuta fodya amene wakwanitsa zaka 35, wothamanga magazi kwambiri, yemwe magazi adamuundanapo, wodwala khansa ya m'mawere, kapena woyamwitsa mwana wosakwana milungu isanu ndi umodzi. N'chifukwa chake kuchipatala amayamba afunsa mafunso ndi kuyeza kathamangidwe ka magazi, zimene mnzanu wapakhomo sangachite.

Thupi ndi amana, ndipo tidzafunsidwa za m'mene tidalisungira. Bambo, perekezani akazi anu kuchipatala. Mayi, ngati mukumwa mapiritsiwa ndiye mwendo umodzi watupa n'kumapweteka, pachifuwa pakubaya, kapena mutu ukuwawa modabwitsa, musadikire kuti kuche. Allah atisungire mabanja athu. Amin.