Kadandaulidwe ka Nkhanza Zokhudza Kugonana M'sukulu Zaukachenjede

Unduna ukudziwitsa makolo, ophunzira ndi anthu onse kuti kuzunza munthu pankhani zogonana ndi mlandu, kaya wozunzayo ndi mphunzitsi, mtsogoleri wa bungwe la ophunzira kapena wophunzira mnzake. Gawo 6 la lamulo la Gender Equality Act la 2013 limaletsa mawu, zizindikiro ndi kugwiragwira kosafunika komwe kumanyazitsa kapena kuopseza munthu. Kuumiriza wophunzira kugonana kuti akhoze mayeso ndi nkhanza yotere. Wolakwa akhoza kulipira chindapusa cha K1,000,000 ndi kukhala kundende zaka zisanu.

Wozunzidwa alembe tsiku, malo ndi zimene zinachitika, asunge mauthenga a pafoni, kenaka akatule dandaulo kukomiti yoona zamwambo pasukulupo kapena m'bungwemo. Komitiyo imve mbali zonse mosakondera, isunge chinsinsi, ndipo iteteze wodandaula ndi mboni zake kuti asabwezeredwe. Wodandaulidwa asakhale m'gulu loweruza nkhaniyo.

Dziwaninso kuti, malinga ndi Gawo 7, wozunzidwa sakakamizidwa kudikira chigamulo cha komiti asanapite kupolisi kapena kukhoti. Thandizo likupezekanso ku Victim Support Unit ndi ku Malawi Human Rights Commission.

Makolo, musalandire ndalama kuti nkhani ithere pakhomo.