Liwiro la mausi ya masewera

Liwiro la mausi limayezedwa mu DPI, kutanthauza timadontho ta pa sikirini timene kamuvi kamadutsa mausi ikasunthidwa inchi imodzi, yomwe ndi masentimita 2.54. Pa 800 DPI, ngati Windows sikuwonjezerapo liwiro lake, kamuvi kamaoloka sikirini ya timadontho 1920 m'lifupi dzanja litayenda pafupifupi masentimita 6. Pa 1600 limayenda theka lake.

Akatswiri ambiri a masewera owomberana monga Counter-Strike amakonda 400 kapena 800, kuti dzanja likanjenjemera pang'ono asaphonye chandamale. Koma liwiro lotsika chotere limatopetsa mkono pa ntchito za muofesi, makamaka pa sikirini yaikulu. N'chifukwa chake mapulogalamu monga Logitech G Hub ndi Razer Synapse amasunga liwiro la ntchito iliyonse payokhapayokha, ndipo munthu amangodina kabatani ka pa mausi kuti asinthe.