Mukavulala m'mutu musathamangire chipepeso

Alimi anzanga, aliyense amene amadutsa pa Mlangeni amadziwa mmene katundu wathu amayendera. Matumba a kachewere ndi madengu a tomato amasanjikidwa pa lole, mwini wake n'kukhala pamwamba penipeni, ulendo wa ku Lilongwe kapena ku Blantyre pa msewu wa M1. Ena amachokera ku madimba pa njinga yamoto ya kabaza, thumba kumbuyo, kumutu kulibe helemeti. Sabata ino tisiye kaye za chiwawu ndi feteleza, tikambe za mutu wa mlimi ndi zimene malamulo amanena ukavulala.

Bala la pamwendo limaoneka tsiku lomwelo, koma la mu ubongo limabisala. Munthu akamenyetsa mutu pansi, mtsempha umatha kuduka mkati mwa chigaza, magazi n'kumaunjikana pang'onopang'ono popanda potulukira, mpaka kupanikiza ubongo. N'chifukwa chake munthu amatha kudzuka pamalo a ngozi, kulankhula bwinobwino ndi kuwerenga matumba ake, koma pofika usiku n'kukomoka. Kwa okalamba ndi amene amamwa mowa kwambiri, vutoli limatha kutulukira patapita masabata.

Choncho wovulalayo akamasanza kawirikawiri, kuwodzera kosadzutsika, kugwa ngati wakhunyu, kufooka mbali imodzi, kulankhula zosokonekera, kapena kutuluka magazi kapena madzi m'khutu ndi m'mphuno, musadikire kuti kuche. Thamangirani naye kuchipatala, ndipo pomunyamula musapotoze khosi. Musamupatse mowa kapena asipulini. Madokotala a pa chipatala cha boma ku Ntcheu akaona kuti nkhani ndi yaikulu amamutumiza ku Kamuzu Central ku Lilongwe, kumene amajambula m'mutu ndi makina ndi kuchita opaleshoni.

Mu kalabu ina imene ndimailangiza muli bambo amene anagwa pa galimoto ya matola. Pasanathe sabata mwini galimotoyo anabwera ndi mbuzi ndi matumba awiri a feteleza, ndipo pamaso pa anyakwawa bamboyo anadinda chala papepala loti nkhani yatha. Mvula isanagwe anayamba kugwa khunyu, kuiwala ngakhale mbewu imene anadzala dzulo lake, ndi kupsa mtima pa zinthu zazing'ono. Achibale ena anati walodzedwa. Lero mkazi wake ndiye akulima yekha dimba, ndipo pepala lija ndi limene mwini galimoto amaonetsa aliyense womufunsa.

Nanga malamulo akuti chiyani? Lamulo la pamsewu, Road Traffic Act la 1997, limakakamiza galimoto iliyonse, ngakhale njinga yamoto, kukhala ndi inshuwalansi yolipira anthu amene yawavulaza. Ngati dalaivala ndiye anasasamala, wovulala angathe kusumira dalaivalayo, mwini galimoto ndi kampani ya inshuwalansi. Khothi limaganizira ululu umene munthu wamva, kulumala, ndalama zimene waononga pofuna thandizo, ndiponso zimene sadzathanso kupeza m'tsogolo. Kampaniyo imalipira mpaka malire amene anagwirizana ndi mwini galimoto, zotsala zimagwera mwiniyo. Dziwaninso kuti chindapusa chimene dalaivala amalipira pa mlandu wa apolisi chimapita ku boma. Chipukuta misozi chanu ndi mlandu wina umene muyenera kuuyamba nokha.

Nthawi nayo ili ndi malire. Mlandu wa kuvulala umayenera kuyamba pasanathe zaka 3, ndipo wosumira kampani ya inshuwalansi mwachindunji pasanathe zaka 2. Ngati wovulalayo sangathe kudziyankhulira, m'bale wake angamuyimire. Okwera matola achenjere: kampani imatha kukana kulipira munthu amene anakwera galimoto ya katundu yopanda chilolezo chonyamula anthu, ndipo pamenepo mumatsala ndi dalaivala ndi mwini galimoto okha. Ngozi ikachitikira tsidya la Mozambique, limene pa Mlangeni ndi pongodumpha msewu, malamulo ake ndi a kumeneko.

Amene avulala ali pa ntchito yolembedwa, monga pa esiteti, pa chigayo kapena pokweza matumba, ali ndi lamulo lawo, Workers' Compensation Act la 2000. Iwowa akaonekere msanga ku ofesi ya za ntchito pa boma, chaka chisanathe.

Khothi silimva misozi, limafuna umboni. Lembani nambala ya galimoto ndi maina a mboni. Tengani lipoti la apolisi ndi lipoti la dokotala, sungani buku la kuchipatala ndi malisiti onse, ngakhale a thiransipoti. Apa ndi pamene kabuku ka pamunda kamene ndimakukakamizani chaka ndi chaka kamaonetsa phindu lake. Mphunzitsi ali ndi pepala la malipiro, nanga mlimi adzaonetsa chiyani? Ngati munalemba kukula kwa munda, mbewu ndi feteleza amene munagula, matumba amene munakolola ndi mtengo wake, loya ali ndi poyambira powerengera zimene ngoziyo yakulandani. Kaundula wa kalabu nayenso ndi mboni.

Amene alibe ndalama za loya apite ku Legal Aid Bureau, bungwe la boma lothandiza anthu ovutika pa milandu. Mukapeza loya wanuwanu, gwirizanani za malipiro ake polemba mlandu usanayambe, ndipo chenjerani ndi anthu oyendayenda m'mawodi olonjeza kukutengerani ndalama msanga.

Kupepesana ndi mwambo wathu ndipo ndi kwabwino. Landirani thandizo lopitira kuchipatala, koma musasaine pepala lotseka nkhani dokotala asananene mmene mutuwo wathera. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Ndipo mukagulitsa kachewere chaka chino, patulani ya helemeti musanagule wailesi.