Za Mwana Wamasiye wa kwa Jenala ndi Buku Lache

Akristu anzanga, mwezi uno ndifuna kukusimbirani za mnyamata wina wa kuno kwa Jenala, ndi za buku limodzi limene iye alikonda koposa. Dzina lache sinditchula, pakuti mlandu wache sunafike pa bwalo la amfumu.

Mnyamatayo ali wamasiye. Amai ache anatsogola, ndipo atate ache anawatsata patapita zaka ziwiri. Maliro atangotha, abale a kuchimuna anadza, natenga njinga, mbuzi zitatu, ndi malata amene malemuwo anagula kuti afolere nyumba. Mwanayo anatsala ndi mphasa, nanka kwa agogo ache. Ine poona kuti ali wanzeru pa Chizungu, ndinambwereka buku langa lochedwa The Bird Boy's Song, ndiko kunena nyimbo ya mnyamata woamira mbalame. Ndinati alibweze pa Sabata lotsatira. Koma tsopano chaka chatha.

Wolemba bukuli ndiye Steve Chimombo, amene anabadwa ku Zomba m'chaka cha 1945, naphunzitsa zaka zambiri pa Chancellor College, namwalira m'chaka cha 2015. Bukulo linatuluka mu 2002. Nkhani yache siri yachilendo kwa ife iai: ndiyo nthano yakale ya mwana wamasiye ndi kapolo, imene Chimombo anaitambasula, naisandutsa buku lathunthu. Monga agogo anga anali kuisimba, mwana anauka ulendo kunka kwa abale ache, kapolo alikumperekeza. Pofika pa mtsinje kapoloyo anamnyenga, nabvala zobvala zache. Tsono abale analandira kapolo ngati mwana wao, ndipo mwana weniweni anamtuma ku munda kukaamira mbalame. Kumeneko, ali yekha pa nsanja, anali kuimba molira, ndipo amache akufawo anali kutulukira kudzamtonthoza. Kufikira munthu wina anamva nyimboyo, nakaulula ku mudzi.

Taonani chikondi cha mnyamatayo pa bukuli! Chikuto chitang'ambika anachisoka ndi ulusi. Alisunga pa denga, atalikulunga bwino chifukwa cha chiswe ndi mvula. Madzulo ana a pa mudzi asonkhana pa khonde la agogo ache, ndipo iye awerenga tsamba limodzi m'Chizungu, namasulira m'chinenero chathu. Ndipo anawo, amene adziwa okha kuwawa kwa kukhala tsiku lonse m'munda wa mapira kupitikitsa mpheta, amva ngati nkhaniyo inachitika pa dambo lathu lomwe lino.

Koma mkulu wina wa mpingo, munthu wopemphera ndi wokhulupirika, anadza kwa ine wodandaula. Anati, “Aphunzitsi, kodi mwana wa kalasi ya ulimbitso aziwerenga za akufa oyenda? Ndipo wolembayo si yemwe uja wa Napolo?” Pa Napolo ananena zoona, Chimombo analemba zambiri za njoka ija ya pansi pa mapiri, monga m'buku la Napolo and the Python la mu 1994. Ndipo ife a ku Phalombe dzina limeneli sitilitchula mosewera: tikumbuka madzi ndi miyala zimene zinatsika m'phiri la Michesi mu Marichi 1991, ndi namondwe wa Freddy mu Marichi 2023.

Ndinawayankha kuti pa chinthu chimodzi ndibvomerezana nao: Mkristu saitana mizimu ya akufa, kapena kuifunsa, ife tiwapempherera, makamaka mwezi wa Novembala. Koma kusimba nthano kuli kwina, ndi kuombeza ula kuli kwina. Kodi mneneri Natani, pofuna kutsutsa mfumu Davide, sanayambe ndi nthano ya mwana wa nkhosa wa munthu wosauka? Ndipo m'buku la Oweruza, Yotamu sanasimbe za mitengo yolankhula, yofuna mfumu? Ndinawauzanso za J. R. R. Tolkien wa ku England, Mkatolika wolimba, amene analemba The Lord of the Rings, buku lodzala ndi zamoyo zosaoneka pa dziko lino, lotuluka m'zaka za 1954 ndi 1955. Iyenso anali wamasiye: amache atamwalira mu 1904, anamyang'anira wansembe, Bambo Francis Morgan wa ku Birmingham, ndipo pambuyo pache mwana wache woyamba anadzozedwa unsembe.

Mkuluyo sanakhutire, ndipo ndinaona kuti mau anga achuluka. Potero ndinati tipite tonse awiri tikamfunse mwini wache. Tinampeza alikupala mpini wa khasu. Ndinati, “Mwanawe, agogo awa afuna kudziwa chimene ukondera buku lija. Kodi nchifukwa cha mai wakufa uja?” Iye anagwada, nayang'ana pansi nthawi, nati, “Iai, aphunzitsi. Amai anga ndidziwa kuti ali kwa Mulungu, sadzatulukira m'munda. Ndikonda pamene paja munthu wodutsa anamva nyimbo, osangopitirira, koma anakanena kwa akulu.”

Ine ndinachita manyazi, pakuti pa tsiku lija la njinga ndi malata ndinalipo, ndinatsogolera mapemphero a pa manda, ndipo sindinanene kanthu. Mkulu uja analiponso. Anakhala chete, alikukumba pansi ndi ndodo yache.

Pobwerera anandifunsa ngati nzoona kuti boma liletsa kulanda chuma cha masiye. Ndinati inde, lamulo lache linakhazikitsidwa mu 2011, ndipo wolanda apalamula mlandu. Tsono tapangana kuti Lachitatu likudzali tidzaperekeza agogo a mwanayo kwa amfumu. Za buku lija mkuluyo sananenenso, koma anapempha kuti mnyamatayo akafike kwao Loweruka madzulo, akawamasulire kuyambira tsamba loyamba, kuti adziweruzire okha.