Kalaliki Wodinda Popanda Lamulo: Za Khansa ndi Nchito ya Tony Hunter

Omvera athu, nkhani yathu ya lero ndi ya nthenda ya khansa. Ambiri a ife taona mbale kapena mnansi alikuvutika nayo, ndipo timafunsana kuti, Kodi icokera kuti, popeza sibwera ndi udzudzu monga malungo, ndiponso munthu saitenga posamala wodwala? Yankho lace ndi ili, kuti khansa iyamba pamene mauthenga a m'kati mwa thupi asokonezeka. Mmodzi wa akatswiri amene anaonetsa kasokonezekedwe kace ndiye Tony Hunter, amene anabadwa ku England m'caka ca 1943, naphunzira ku Cambridge, nacita nchito yace yaikulu pa Salk Institute ku California.

Tiyambe ndi mamangidwe a thupi. Monga nyumba imangidwa ndi njerwa, thupi limangidwa ndi tizinthu tamoyo tochedwa maselo, tating'ono kotero kuti tioneka ndi galasi lokulitsa zinthu pokha. Selo liculukana pogawika pawiri, koma siligawika mwa kufuna kwace. Liyembekeza uthenga. Mukadziceka ndi mpeni, maselo a m'mbali mwa bala alandira mau akuti, Culukanani; bala likatsekeka, mauwo aleka, maselonso naleka. Uthengawo ufika pa khomo la selo kucokera kunja, ndipo uyenera kupatsiranidwa kufikira pakati, pamene pasungidwa malangizo a cibadwa.

Ganizani za kalata yoyenda m'maofesi a pa boma. Kalatayo siipita patsogolo kufikira kalaliki ataikapo cidindo. M'selo muli anchito ochedwa mapuloteni, ndipo puloteni iliyonse ili ngati cingwe ca mikanda ya mitundu 20. Mwa anchitowo alipo akalaliki, dzina lao kinase. Cidindo cao ndi kanthu kochedwa fosifeti, ndipo inki yace aitenga ku cinthu cochedwa ATP. Kinase akadinda pa mkanda wa mnzace, mnzaceyo adzuka nayamba nchito, napereka uthenga patsogolo. Aliponso ena ofafaniza cidindoco nchito ikatha. Edmond Fischer ndi Edwin Krebs a ku Seattle ndiwo anafotokoza za kudinda kumeneku m'zaka za m'ma 1950. Kufikira caka ca 1979 akatswiri anali kudziwa mikanda iwiri yolandira cidindo ca mauthenga otere, ndiyo serine ndi threonine.

Tsono pano palowa nkhuku. M'caka ca 1911, Peyton Rous wa ku Rockefeller Institute ku New York anatenga cotupa ca pa cifuwa ca nkhuku yathadzi, nacipera, nasefa madzi ace kuti pasatsale selo ngakhale limodzi. Atabaya madziwo m'nkhuku zabwinobwino, zotupa zinamera. Motero anaonetsa kuti kacirombo ka vairasi kakhoza kuyambitsa khansa. Anzace ambiri anayesa nkhaniyo ya nkhuku cabe, ndipo mphotho ya Nobel anailandira m'caka ca 1966, patapita zaka 55, ali nkhalamba ya zaka 87.

M'caka ca 1976, Michael Bishop ndi Harold Varmus a ku San Francisco pamodzi ndi anzao anapeza cinthu codabwitsa. Kacigawo ka malangizo kamene vairasi ya Rous iyambitsa nako cotupa, kochedwa src, si ka vairasiyo ai. Inakatola m'maselo a nkhuku, ndipo ife anthu tili nako kofanana nako. Ndiko kunena kuti woipitsa zinthuyo si mlendo, koma mwana wa pakhomo wosinthika makhalidwe. M'caka ca 1978, Ray Erikson ndi Marc Collett anaonetsa kuti puloteni ya src ndi kinase, mmodzi wa akalaliki aja, ndipo onse anayesa kuti adinda pa threonine.

M'caka ca 1979, Tony Hunter analikufufuza vairasi yina, yochedwa polyoma, imene iyambitsa zotupa m'mbewa. Anafuna kudziwa mkanda umene unalandira cidindo pa puloteni ya vairasiyo. Njira yace inali iyi: puloteni aiphwanya kuti mikanda imasuke, naika pa kambale konyowa ndi madzi a mankhwala, nalowetsapo magetsi. Mkanda uliwonse wodindidwa uyenda mtunda wace, nusiya dontho pa malo ace. Hunter sanasanganize madzi atsopano, koma anagwiritsa akale amene anali atagwira nchito kambiri, osadziwa kuti kuwawasa kwace kunasintha pang'ono, kucokera pa muyeso wa 1.9 kufika pa 1.7. Dontho linaoneka pa malo acilendo, amene sanali a serine kapena a threonine.

Wina akadati, Madziwa ndi oipa, nataya zonse. Iye anafunsa cifukwa cace. Anakumbukira kuti ulipo mkanda wacitatu, wochedwa tyrosine, umene mapangidwe ace alola kulandira fosifeti. Anakonza yekha tyrosine wodindidwa, namuyendetsa pa kambale, ndipo anafika pa malo omwe aja. M'madzi atsopano tyrosine ndi threonine ayenda pamodzi, wina nabisala kumbuyo kwa mnzace, ndico cifukwa cace akatswiri onse sanamuone. Mwai unalipo ndithu, koma unagwera munthu wa maso.

Caka cotsatira, ca 1980, Hunter ndi mnzace Bart Sefton anayesa src wa nkhuku ija, napeza kuti nayenso adinda pa tyrosine. M'selo labwino cidindo cotere cipezeka pang'ono kwambiri, koma m'maselo ogwidwa ndi vairasi ya Rous cinali coculuka. Pamenepo nkhani inamveka. Akalaliki odinda pa tyrosine ndiwo ambiri a iwo onyamula mau akuti, Culukanani. Mmodzi akaonongeka, adinda usana ndi usiku popanda womlamula, ndipo selo ligawika kosaleka. M'caka ca 2002, Hunter ndi anzace anawerenga ma kinase onse a munthu napeza 518, ndipo 90 mwa iwo ndi odinda pa tyrosine.

Nanga wodwala apindulanji nazo izi? Tamverani za khansa yina ya m'magazi, imene madotolo aifupikitsa dzina kuti CML, imene iculukitsa maselo oyera kopitirira muyeso. Malangizo a cibadwa asungidwa m'mitolo 46, yokhala iwiri-iwiri, ndipo akatswiri aipatsa manambala. M'caka ca 1960, Peter Nowell ndi David Hungerford a ku Philadelphia anaona kuti odwala nthendayi ali ndi mtolo umodzi wofupika. M'caka ca 1973, mai Janet Rowley a ku Chicago anaonetsa kuti mtolo wa 9 ndi wa 22 inathyoka nisinthana zidutswa. Pa mfundo polumikizanapo pabadwa puloteni yacilendo, BCR-ABL, ndipo iyi inapezeka kuti ndi kalaliki wodinda pa tyrosine amene sadziwa kupuma.

Podziwa wolakwayo, anthu anakhoza kumfunira comuletsa. Nicholas Lydon ndi anzace pa kampani ya Ciba-Geigy ku Basel, imene pambuyo pace inalowa mu Novartis, anakonza mankhwala ochedwa imatinib. Mankhwalawa akhala pa malo pamene kalalikiyo atengera inki yace ya ATP, ndipo cidindo ciuma. Dotolo Brian Druker wa ku Oregon ndi anzace anayamba kuwayesa pa odwala m'caka ca 1998. Mwa odwala 54 amene analandira muyeso wokwanira, 53 magazi ao anabwerera m'cimace. Boma la America linalola mankhwalawo m'caka ca 2001, ndi dzina la Gleevec. Kale wodwala CML anali kuyembekeza zaka zowerengeka cabe. Koma mwa odwala amene anayamba ndi imatinib pa kuyesa kwakukulu, oposa 80 mwa 100 anali moyo patapita zaka 10. M'caka ca 2015, bungwe la World Health Organization linalemba mankhwalawa pa mndandanda wa mankhwala ofunika m'maiko onse.

Koma tisanyengane. Imatinib si mankhwala a khansa iliyonse, pakuti khansa ili ya mitundu yambiri, ndipo uliwonse uli ndi poonongeka pace. Odwala ambiri ayenera kumwa masiku onse kwa zaka, ndipo mwa ena kalalikiyo asinthanso maonekedwe, mankhwala nalephera kumgwira, kotero kuti pafunika ena atsopano. Mankhwala a mtundu umenewu tsopano alipo ambiri, ena a khansa ya m'mapapo, ena a ya impso.

Kucokera pa nkhuku ya Rous kufika pa mankhwala a Gleevec panapita zaka 90, ndipo aliyense wa ofufuza aja anayamba pamene mnzace analekeza. Gawo lathu ife ndi lapafupi. Cotupa cosamva mankhwala, bala losapola, kutaya magazi kosadziwika bwino, kuonda popanda cifukwa, izi zipite ku cipatala msanga, pakuti maselo osokonekera akali pa malo amodzi dotolo ali ndi zambiri zimene akhoza kucita.