Vinyo Aweruzidwa Pagome

Kum'mwera kwa dziko la South Africa, kumene mapiri a Stellenbosch, Paarl ndi Franschhoek amasunga minda ya mpesa m'zigwa zake ndipo mvula imagwa m'nyengo yachisanu, kuli mwambo umene mlendo wochokera kwathu angaudabwe pouona koyamba. Nyama yapsa pamakala, anthu akhala pagome, mwini nyumba watsegula botolo; koma m'malo momwa msangamsanga monga achitira waludzu, yense ayamba wapendeketsa tambula yake kuti aone maonekedwe a vinyoyo, naizunguza pang'ono, nainunkhiza, ndipo pomwepo pamabuka nkhani ya chimene mphuno yamva ndi chimene lilime lapeza. M'mawa mwake ena amalemba m'kabuku dzina la munda, chaka chimene mphesazo zinathyoledwa, ndiwo zimene anadyera ndi chiweruzo chawo, kuti akasimbire anzawo.

Mizu ya mwambowu inazama. Pa 2 February 1659 Jan van Riebeeck analemba kuti vinyo woyamba wafinyidwa ku Cape, dera limene tikukambali. Mu 1685 Simon van der Stel anatsegula munda wa Constantia, ndipo mu 1688 kunafika Afalansa othawa mazunzo a chipembedzo, amene anakhazikika ku Franschhoek. Tisabise mawu: minda imeneyo inalimidwa ndi manja a akapolo, ndipo ukapolo utatha, antchito ankalandira vinyo ngati gawo la malipiro awo, mchitidwe wotchedwa dop, umene unasiya uchidakwa ndi misozi m'mabanja ambiri. Wokonda vinyo wa ku Cape amene saikumbukira mbiri imeneyi sanalidziwe botolo lake.

Tsono kodi anthuwa amakambirana chiyani? Choyamba ndi kuwawasa, kumene kumadzutsa malovu m'kamwa monga lichitira bwemba. Chachiwiri ndi kuuma kuja kumene vinyo wofiira amasiya pankhama, konga kwa munthu amene waluma nthochi yaiwisi, ndipo kumachokera m'makoko ndi m'njere za mphesa, pakuti vinyo wofiira amawira pamodzi ndi makoko ake pamene woyera amafinyidwa n'kusiyana nawo msanga. Amakambanso za kulemera kwake pa lilime, ndi za nthawi imene kukoma kumakhalitsa munthu atameza. Nthawi zina botolo la mtengo wapatali limatuluka ndi fungo la katoni yonyowa chifukwa chitsekero chake cha khungwa chinali ndi chilema, ndipo apo onse amavomereza kuti chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere.

Koma chimene ine ndachiona kukhala mtima wa nkhaniyi ndi ichi, chakuti vinyo saweruzidwa payekha ngati wamlandu wopanda mboni, koma pamodzi ndi chakudya chimene watsagana nacho. Tengani Pinotage, mtundu wa mphesa umene Abraham Izak Perold anaupanga ku Stellenbosch mu 1925 pokwatitsa Pinot Noir ndi Cinsaut: mukaumwa wokhawokha m'mimba muli pululu, ungakuumitseni m'kamwa ndi kukukhumudwitsani, koma ukakumana ndi nyama yowotcha yonona, mafuta ndi mnofu zimafewetsa ukali wake, zipatso zimene zinabisala zimatulukira, ndipo amene anaunyoza poyamba amapempha kuti amuwonjezere. Chenin Blanc, amene akale a ku Cape ankamutcha Steen ndipo ndiye wobzalidwa kwambiri m'dzikomo, amakonda nsomba ndi nkhuku, pakuti kuwawasa kwake kumatsuka mafuta monga achitira mandimu. Ndipo popeza vinyo wambiri wa m'masitolo a ku Lilongwe ndi ku Blantyre amachokera komweko, amene ali ndi chambo chokazinga angayese yekha. Tsabola ndiye mdani wa vinyo wolemera: kambuzi akakumana ndi botolo la mowa wa maperesenti 14, moto umakolera pa moto, ndipo apo wofunika ndi woyera wozizira, wotsekemera pang'ono.

Kutentha nakonso kuli ndi mawu ake. Vinyo wofiira amakoma pa madigiri 16 kufikira 18, woyera pa 8 kufikira 12, motero m'dzuwa la October ngakhale wofiira ayenera kuyamba walowa m'firiji kanthawi. Ndipo botolo limasintha likatsegulidwa, chifukwa mpweya ukalowa fungo limamasuka pang'onopang'ono; tambula yachiwiri siifanana ndi yoyamba, ndipo kuona maso a nkhono n'kudekha.

Pali chinthu chimodzi chimene chimatseka pakamwa anthu ambiri a kwathu kuno, ndicho mawu a m'mabuku a vinyo, amene amayerekeza fungo ndi zipatso za ku Ulaya zimene sitinazilawepo. Pa ichi ndimalimbikitsidwa ndi amuna anayi a ku Zimbabwe, Joseph Dhafana, Tinashe Nyamudoka, Marlvin Gwese ndi Pardon Taguzu, amene anapita ku South Africa kukafuna ntchito, naphunzira za vinyo m'malo odyera, mpaka mu 2017 anakaimirira dziko lawo ku France pa mpikisano wozindikira vinyo popanda kuona botolo lake. Mphuno zawo sizinaleredwe m'minda ya mpesa. Chomwecho ngati inu mwamva masuku, malambe, magwafa, utsi wa nkhuni kapena fungo la dothi mvula yoyamba ikagwa, nenani zomwezo mopanda manyazi, pakuti mnzanu wa pagome adzakumvetsani msanga kuposa mutabwereka mawu a eni.

Botolo limodzi ndi mamililita 750, ndiwo matambula asanu kapena asanu ndi limodzi, muyeso wokwanira anthu anayi pa chakudya chamadzulo. Ndipo okonda vinyo enieni amene ndawaona amalekera pomwepo, chifukwa lilime la woledzera silisiyanitsa kanthu. Inu owerenga, ngati ndinu wamkulu ndipo mumamwa, musatsegule botolo lotsatira muli nokha kapena ndiwo zisanapse. Itanani anzanu, yense anene chimene wamva, ndipo amene ayendetse galimoto usiku umenewo mum'thirire thobwa.